Mmene Mayi Ankatchulira Kwathu

Nyumba ya Kumlatho,
Kilbantra,
Scotland.
8 Novembala 2011

Okondedwa achemwali a Dolina,

Musadzidzimuke poona dzanja langa pa envelopu. Palibe wamwalira, ndipo ine sindikudwala kuposa mmene munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu amadwalira. Bondo lakumanzere limalosera mvula, ndipo kuno mukukudziwa, silinama. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Winnipeg kwanuko, komwe ndimamva kuti chisanu chake chimaumitsa ndi misozi yomwe.

Ndikudziwa kuti padutsa zaka makumi anayi ndi chimodzi ndisanakulankhuleni. Sindiyamba ndi zimenezo. Ndiyamba ndi chimene ndikufuna, chifukwa kuzungulira ine sindikudziwa. Ndikufuna mawu amodzi ochokera pakamwa panu mwezi uno usanathe. Mawuwo ndi dzina la kwathu kuno, mmene Mayi ankalitchulira.

Nkhani yake ili motere. Chaka chamawa doko lathu likwanitsa zaka mazana awiri, ndipo komiti ya tauni yaganiza zoimika mwala waukulu polowera, pamtunda paja pamene basi imakhota. Pamwalapo alembapo dzina la tauni m'Chingerezi ndi m'Chigeliki, chinenero cha makolo athu, tanthauzo lake pansi. Inde, Chigeliki chomwe chija ankatimenyera kusukulu. Masiku ano chili pa zikwangwani, pa mabasi, ngakhale pa zimbudzi za padoko. M'kamwa mwa anthu mokha ndi mmene mulibe. Wosema miyala akufuna mawuwo pa 30 Novembala. Ndipo wapampando wa komitiyo, gwiritsitsani mpando, ndi Mayi Urquhart, amene inu mukuwadziwa kuti Sheena, mwana wa aphunzitsi athu a Geddes, kamtsikana ka maliboni kaja kankatisuzumira pa geti la nyumba ya sukulu. Mawu amene akufuna kulemba ndi omwe aja a m'kabuku ka bambo awo: Kilbantra, Tchalitchi cha Woyera Bantran.

Ine ndinazimvera m'sitolo. Tormod Beaton, mnzanga wa pa ntchito ya misewu, wa makutu ngati zitseko uja, anali akuwerenga chidziwitso pakhoma.

"Fachie, tabwera udzaone! Woyera wako uja akumuimikira mwala."

"Woyera wanga uti? Munthu woti sanabadwe n'komwe?"

"Aaa, iwe, anabadwa kalekale ameneyo. Ali pa makapu a tiyi, ali pa nsalu zopukutira mbale. Alendo a ku America amamugula awiriawiri. Nanga amasiye ako aja angagulitse chiyani? Mipango yopukutira misozi?"

Sitolo yonse inaseka, ndi mtsikana wogulitsa yemwe. Tauni yonseyi ndi ya mipingo yosapemphera kwa oyera mtima, koma basi ya alendo ikangoima aliyense ali ndi woyera wake. Ndinatuluka osagula buledi amene ndinadzera.

Nkhani ya Mayi mukuidziwa, koma ndiilemba kuti muone ngati ndikuikumbukira bwino. Doko lisanamangidwe, anthu athu ankakhala kumtunda m'chigwa, kulima timinda ndi kupha nsomba. Tsiku lina la Januwale mabwato atatu anapita panyanja osabwerako. Amuna khumi ndi anayi. Pofika Meyi kapitawo wa mwinimalo anauza akazi awo kuti munda wopanda mwamuna si munda, ndi msipu wa nkhosa, ndipo anawaphwasulira madenga. Akaziwo anatsika ndi ana awo kudzakhala pangodya paja pamene thanthwe limatchinga mphepo, m'mbali mwa mtsinje. Anaunjika miyala n'kufolera ndi ndere za m'nyanja, ndipo ankadya nkhono zomata pamatanthwe. Anthu a m'midzi ina poloza kuno ankati Ngodya ya Akazi Amasiye. Kuul-na-bantra. Ndalemba mmene khutu likumvera, poti Chigeliki sindinaphunzire kuchilemba. Kenako kunabwera nsomba za heringi, kunabwera doko, masitolo, matchalitchi awiri ndi anthu a mataye. Mmodzi wa akazi aja anali Peigi wa tsitsi lofiira, agogo awo a agogo athu. Mayi ankatiuza zimenezi akuyanika zovala, zopanira zili kukamwa, moti theka la mawu linkatulukira m'mphuno.

Tsono tsiku lija la mu 1948. Ine ndinali ndi zaka khumi, inu khumi ndi ziwiri, tonse m'chipinda chimodzi chifukwa sukulu inali ya zipinda ziwiri zokha. A Geddes anabwera ndi kabuku kawo kongosindikizidwa kumene, akununkhiza ngati khanda. Analemba pabolodi n'kunena kuti Kil ndi tchalitchi, ndipo aliyense wophunzira amadziwa zimenezo. Ine ndinakweza mkono.

"Si Kil, aphunzitsi. Ndi Kuul."

"Matheson, wabwera kudzandiphunzitsa? Wawerenga m'buku liti?"

"Amayi anatero."

"Amayi ako amatumbula heringi padoko. Alemba mabuku angati?"

Ana anaseka. Ine ndinaumirira, ndipo ndinanena nkhani ya amasiye, mawu ena akundipulumuka m'Chigeliki. A Geddes anatsegula kabati, natenga lamba wachikopa wa michira iwiri uja, koma sanandimenye nthawi yomweyo. Anali munthu wokonda chilungamo, mwa njira yawo. Anati, "Tifunse mboni. Dolina Matheson, imirira. Kodi kunyumba kwanu mumatchula chonchi?"

Munaimirira. Munali mutavala juzi yabuluu yoluka Mayi, yothina m'zigongono. Simunandiyang'ane. Munati, "Ayi, aphunzitsi. Timati Kilbantra."

Zikoti zisanu ndi chimodzi: zitatu za bodza, zitatu za Chigeliki. Manja anatupa masiku awiri n'kuphwa. "Ayi" wanu uja sanaphwe.

Chaka chomwecho inu munakhoza mayeso n'kupita ku sukulu yaikulu ya kutauni, kenako unamwino, kenako Canada. Ine mutu unatsekeka. Ndinkakhala kumbuyo kuyang'ana pawindo mpaka lamulo linandilola kuchoka, ndipo ndinalowa ntchito ya misewu. Mwina simudziwa kuti chikwangwani cha KILBANTRA ndinachiimika ine ndi manja angawa katatu konse: koyamba mphepo itagwetsa chakale, kachiwiri lole ya nsomba itachigunda, kachitatu atakulitsa msewu. Nthawi zonse ndinkalavulira m'dzenjemo tisanathire simenti. Tormod ankati, "Lavula zambiri, Fachie, madzi atichepera."

Komiti inaitana mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Mairead Rennie, amene ntchito yake ndi kufufuza maina a malo, kuti adzaone ngati Chigeliki cha pamwala chalembedwa bwino. Anthu anamuuza kuti kumlatho kuli nkhalamba ina yokangana ndi akufa, ndipo masabata awiri apitawo anagogoda pakhomo panga. Ndinamuphikira tiyi. Anaika patebulo kamakina kojambulira mawu, kochepa ngati sopo.

Ndi mwana wanzeru ndi waulemu. Anati, "Bambo Matheson, Woyera Bantran sindinamupeze m'buku lililonse lakale. Koma kusamupeza sikutanthauza kuti kunalibe, ndipo kumanda akale kuja kuli maziko omwe angakhale a tchalitchi. Vuto ndi lakuti anthu ojambula mapu sankamva Chigeliki. Kil wawoyu anameza mawu anayi: tchalitchi, nkhalango, mpata wopapatiza wa nyanja, ndi ngodya. Papepala zonse n'chimodzi. Pakamwa pokha ndi pamene zimasiyana."

Achemwali, zaka zonsezi palibe munthu wa mabuku ananenapo kuti pakamwa pangapose pepala.

"Ndiye tchulani mmene amayi anu ankatchulira," anatero. "Musaganize. Ingotchulani."

Ndinatsegula pakamwa, ndipo chinatuluka ndi "Kilbantra", choyera bwino, mmene a Geddes ankachitchulira. Ndinatsokomola n'kunamizira tiyi. Kachiwiri ndinakoka "Kuul" motalika ngati ng'ombe yoitana mwana wake. Mtsikanayo sanaseke. Anangosendera pafupi.

"Nanga pakati panali 'na'? Ganizani bwino. Ngati 'na' analipo, woyerayo tamuika m'manda, chifukwa 'na' ameneyo amatanthauza 'ya anthu ambiri', ndipo woyera mmodzi sangakhale ambiri."

Maso ake ankawala. Ndinaona kuti chigonjetso chonse chili pa kamawu kameneko. Ndinati, "Analipo. Ndikulumbira."

Apa ndiye pondivuta kulemba. Mwaona pamwambapa ndalemba dzinalo ndi 'na' pakati. Zoona zake sindikudziwa ngati ndinamumva kwa Mayi kapena ndinamutola pakamwa pa mtsikanayo tsiku limenelo. Dzinali ndalitchula mokwiya kwa zaka makumi asanu ndi limodzi, m'sitolo, kumaliro, pamsewu, moti latha ngati mpeni wonola tsiku ndi tsiku. Ndikatseka maso ndimawaona Mayi, chingwe cha zovala, mphepo ikuwomba malaya a Bambo. Ndimaona milomo yawo ikugwedezeka. Koma mawu amene ndimamva ndi anga.

M'mawa mwake ndinapita kuhotela kumene ankagona. Ndinamupeza akudya mazira.

"Mwanawe, fufuta zija."

"Zonse, Bambo Matheson?"

"'Na' yekhayo. Ndinalumbira chinthu chosachidziwa. Kaya n'choona kaya ayi, limenelo ndi bodza."

Anaika foloko pansi. Anati popanda 'na', ndiponso ndi mboni imodzi yokha imene tauni yonse ikudziwa kuti ili ndi mangawa, sangauze komiti kuti isinthe. Ndiye anafunsa, "Palibe wina amene anawamva amayi anu?"

"Alipo. Ali kutali."

"Foni imafika, bambo."

"Kumene ali iwoko siifika."

Tormod atamva anagwira m'mutu pakati pa msewu. "Iwe Fachie, ndiwe munthu kapena chiyani? Moyo wonse kutiboola makutu, tsiku loti ulankhule wameza lilime! Ukanangoti 'na', ndani akanakagogoda kumanda kukafunsa?" Koma madzulo ake anandibweretsera nsomba ziwiri zowamba.

Lachinayi lapitali masana ndinamva kugogoda. Potsegula ndinapeza Sheena Geddes, atanyamula masikono okulunga m'nsalu. Wakalamba, achemwali, akuyendera ndodo, koma chibwano n'cha bambo ake. Ndinaima pakhomo ngati mlonda. Mvula inali ikugwa chammbali.

"Fachie Matheson, mundilowetsa kapena masikonowa asanduke phala?"

Ndinamulowetsa chifukwa cha masikonowo. Anakhala pampando wa Mayi osadziwa kuti ndi wa Mayi, ndipo ine sindinamuuze.

"Mairead wandiuza kuti mwabweza umboni wanu," anatero. "Bambo anga sanabwezepo mawu moyo wawo wonse. Ndiye ndaona kuti inenso ndikuuzeni chimene ndakhala nacho. Tsiku limene anakumenyani, amayi anu anabwera kwathu dzuwa lisanalowe, apuloni ali mamba okhaokha. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, nditakhala pamakwerero. Ndinkayesa abwera kudzakalipa."

"Anakalipa," ndinatero. "Mayi sankaopa munthu."

"Sanakalipe. Anaima pakapeti ndi Chingerezi chawo chothyokathyoka. Anati, 'Mnyamatayo ngwamakani, mumukhululukire. Kwathu timati Kil. Mtsikanayo musamuchotse pa mndandanda wa mayeso.' Bambo anga anawauza kuti abwereze dzinalo bwinobwino, ngati mwana wa kalasi yoyamba. Anabwereza. Kawiri. Potuluka anandiona pamakwerero, ndipo anawerama n'kundimangira liboni imene inamasuka."

Ketulo inalira ndipo palibe anaimirira.

Pambuyo pake ndinafunsa, "Nanga mukudziwa zonsezi, woyerayo mukumufuniranji pamwala?"

"Chifukwa ndi bambo anga, Fachie. Inunso mukufuna amasiye chifukwa ndi amayi anu. Kodi pa ife awiri alipo ankaganiza za tauni?" Anadzuka, natenga ndodo. Ali pakhomo anati, "Dolina akanena kuti ndi Kuul, wosema miyala ndikamuimbira ndine. Masikonowo mudye lero, mawa aumirira ngati mwiniwake wa nyumba ino."

Chichokereni iye ndakhala ndikukumbukira zinthu zimene ndinaziika pansi pa mwala. M'mawa uliwonse tikamapita kusukulu Mayi ankaima pakhomo n'kunena, "Mawu a m'nyumba muwasiye pano, mudzawapeza pobwera." Ankatiuza tonse awiri. Inu munamvera. Amene sanamvere Mayi tsiku lija ndi ine, ndipo amene anakalipira kusamvera kwanga pakapeti ya a Geddes ndi iwowo. Ndakumbukiranso kuti poweruka simunapite ndi anzanu. Munanditsata kumtsinje, munagwira manja anga otupa aja n'kuwamiza m'madzi ozizira, ndipo anu omwe anachita dzanzi chifukwa simunandisiye. Ndinakulavulirani pa juzi. Simunapukute. Zimenezi sindinauzepo munthu, chifukwa zinkaononga nkhani yanga.

Munali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndayang'ana ana a msinkhu umenewo akudikira basi sabata ino. Ndi tiana, achemwali. Sindikudziwa chifukwa chake m'mutu mwanga munakhala munthu wamkulu tsiku limenelo.

Ndipo pa maliro a Mayi mu 1970, mutawoloka nyanja yonse ija ndi mimba ya miyezi isanu ndi umodzi, amuna titabwerako kumanda, inu mukuthira tiyi m'khitchini modzaza anthu, ndinati, "Munagulitsa Mayi ndi mayeso." Munaika tiyipoti pansi pang'onopang'ono. M'mawa munakwera basi. Tsopano ndikudzifunsa ngati munkadziwa za ulendo wa Mayi kwa a Geddes, ndipo munasankha kukhala chete kuti ine ndisawaone atagwada. Ngati zili choncho, munandisungira mayi wosagonja kwa zaka makumi anayi, inu n'kusenza mlandu wake. Amati chibale n'fupa, sichiola. Sananene kuti fupalo wina amalisunga yekha, mnzake atalitaya.

Makhadi anu a Chaka Chatsopano onse ndili nawo, makumi anayi, m'chitini cha mabisiketi. Sindinayankhe ndi limodzi lomwe, koma palibe limene sindinaliwerenge, ndipo positi ikachedwa mu Januwale ndimakhala wolusa mpaka Tormod amandithawa.

Ndinayamba kalatayi Loweruka ndili ndi mtima wodzakulamulani kuti mukonze zimene munalakwa. Lero ndi Lachiwiri, ndipo mukuona mmene yakhotera. Mairead wandipempha keyala yanu kawiri. Sindinamupatse, ndipo sindimupatsa pokhapokha mutandiuza. Ngati simukufuna kuimitsidwanso kuti muchitire umboni, palibe akuimitseni. Kamodzi kaja kanakwana. Mwina nanunso mawu a Mayi anakutayikani m'chisanu cha kumeneko, ndipo zikatero musachite manyazi, tili awiri. Peigi ndi anzake anakhala pangodya paja popanda mwala, ndipo woyera wa pa makapu a tiyi sangawasamutse.

Mundiperekere moni kwa mwana wanu Calum ndi mkazi wake Joanne, ndi kwa Marsaili, amene munamunyamula m'mimba tsiku lija, moti mawu oyamba a malume ake amene anamva anali oipa. Mumuuze kuti ndili ndi ena abwinopo. Moni kwa adzukulu onse asanu. Wamng'onoyo pa chithunzi cha chaka chatha ali ndi tsitsi la Peigi, kaya mwaona. Za imfa ya alamu anga a Gordon ndinawerenga m'khadi la 2004. Ndinavala jekete lakuda tsiku lonse ndili ndekha m'nyumba, koma cholembera chinandikanika. Pepani, achemwali. Pepani pa zimenezo, ndi pa tiyi uja, ndi pa juzi.

Nambala yanga ya foni ndailemba kuseri kwa pepalali, zilembo zikuluzikulu. Tormod wawerengera kuti kwanuko ikakhala 12 koloko masana kuno imakhala 6 koloko madzulo, nthawi imene ndimakhala nditadya kale. Ndidzakhala pafupi tsiku lililonse, mwezi uno ndi miyezi ya kutsogolo, mwala utaimikidwa kapena ayi. Ikalira nthawi yaitali musadule, bondoli limachedwa.

Iwe Doli, ndikanyamula usavutike ndi moni, tonse tingasowe chonena. Ungofunsa ngati munthu amene sakudziwa ngati waimba nambala yolondola. Unene kuti, "Kodi kumeneko ndi ku..." ndipo ulitchule. Mmene litulukire mmenemo, ndi 'na' kapena popanda, Kuul kapena Kil, ine ndidzayankha kuti, "Eya, ndi konkuno. Wafika."

Ndine mlongo wako wamakani,

Farquhar (Fachie)